Akayeza malungo n'kusawapeza, tikumbukire nkhupakupa

Mawu akuti "malungo" amasenza katundu wolemera m'Chichewa chathu. Thupi likatentha, mutu ukamawawa, m'mfundo mukamaphwanya, timati munthu wadwala malungo asanafike n'komwe kuchipatala. Dzina limene timatchulira nthenda ya udzudzu ndi lomwelo limene timatchulira kutentha thupi kulikonse. N'chifukwa chake adokotala akabaya chala, n'kudontheza magazi pa kachipangizo koyezera kaja, n'kunena kuti "mulibe malungo", ambiri timatuluka m'chipindamo tikung'ung'udza kuti kachipangizoko kanama. Ena amadutsira kufamase kukagula LA, ena amakapempha mapiritsi otsala kwa mnansi, ndipo kutentha kukapitirira amayamba kukayikirana pachibale kuti pali dzanja la munthu.

Ine ndikuti kachipangizo kaja nthawi zambiri kamanena zoona, ndipo kakatero, limodzi mwa mafunso otsatira lizikhala lakuti: kodi munthuyu sanalumidwe ndi nkhupakupa? Tinazolowera kuona nkhupakupa ngati vuto la ng'ombe, mbuzi ndi agalu, nkhani ya alangizi a ziweto. Komatu kachilombo komweko kamene kamayamwa ng'ombe kakhoza kusiya mabakiteriya m'magazi a mwana amene amaidyetsa, ndipo mabakiteriya samva LA. Nkhaniyi ikutikhudza ife ophunzira, makamaka amene tikukonzekera kukaima kutsogolo kwa kalasi, chifukwa mbali yaikulu ya yankho lake ili m'zimene anthu wamba akudziwa ndi zimene amanena akakhala pamaso pa adokotala.

Zimene anapeza ku Moshi

Kuyambira mu 2007 mpaka 2008, ofufuza anatsata odwala 870 amene anagonekedwa chifukwa cha kutentha thupi m'zipatala ziwiri za mumzinda wa Moshi, kumpoto kwa Tanzania, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013. Mwa odwalawo, 528 anawalemba kuti akudwala malungo. Magazi awo atayezedwa mosamala, amene analidi ndi malungo anali 14 okha. Odwala 118 anapezeka ndi mabakiteriya ochokera ku ziweto ndi nyama zina, ndipo 36 mwa iwowa anali ndi gulu la mabakiteriya otchedwa Rickettsia limene limafalitsidwa kwambiri ndi nkhupakupa. Matenda amenewa sankawazindikira odwala ali m'chipatala, choncho mankhwala ake enieni sankaperekedwa.

Tisathamangire kunena kuti kwathu kuno zilinso chimodzimodzi. Moshi ali m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, kumene malungo ndi ochepa poyerekeza ndi madera athu a kunyanja kapena kuchigwa cha Shire. Mwana akatentha thupi ku Nkhotakota kapena ku Nsanje, mwayi woti ndi malungo enieni ndi waukulu ndithu. Phunziro la ku Moshi lili pa odwala otsalawo, amene ayezedwa n'kupezeka alibe malungo koma akudwalabe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2010 kuti munthu aziyamba wayezedwa asanapatsidwe mankhwala a malungo, ndipo zipangizo zoyezera mwachangu zinafalikira m'zipatala za m'Malawi kuyambira mu 2011. Zimenezi zinathandiza kwambiri. Zinabweretsanso gulu la odwala amene kale tikanangowapatsa dzina la malungo, koma lero akubwerera kunyumba ndi panado ndi funso lopanda yankho. Ena mwa iwo ali ndi chibayo, ena tayifodi, ena kachilombo ka chimfine kongotha kokha. Ena analumidwa ndi nkhupakupa.

Nkhupakupa ya kudambo

Aliyense amene anakulira pafupi ndi khola la ng'ombe amaidziwa nkhupakupa yaikulu ija ya mawanga owala pamsana ndi miyendo ya mizeremizere, imene imakonda kumamatira kumimba kwa ng'ombe, kubere ndi kunsi kwa mchira. Asayansi amaitcha Amblyomma variegatum, ndipo imapezeka kuno ku Malawi ndi m'maiko ambiri a mu Africa. Ku Zimbabwe, ku South Africa ndi kumwera kwa Mozambique kuli mbale wake wotchedwa Amblyomma hebraeum. Alimi amadana nazo chifukwa zimapweteka mawere a ng'ombe ndipo zimafalitsa nthenda imene imadzaza madzi kuzungulira mtima wa ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Zomwezonso n'zimene zimanyamula bakiteriya wotchedwa Rickettsia africae, amene amadwalitsa anthu. Bakiteriyayu anapezeka m'magazi a wodwala wina ku Zimbabwe mu 1992, ndipo dzina lakelo linakhazikitsidwa mu 1996.

Pali zinthu zitatu za nkhupakupayi zimene tiyenera kudziwa. Choyamba, siingokhala pa udzu kudikira. Ikamva mpweya umene nyama kapena munthu akupuma, imayenda kumulondola. Chachiwiri, yaikazi imaikira mazira zikwizikwi, ndipo bakiteriya amadutsa kuchoka kwa mayi kupita m'mazira, kotero tiana timabadwa tili naye kale tisanalume chilichonse. Chachitatu, timene timaluma anthu kawirikawiri ndi tiana tomweto. Tongoswedwa kumene timachepa ngati kambewu ka bonongwe, ndipo munthu akhoza kukhala nato m'khwapa kapena m'mphechepeche osazindikira.

Patapita masiku asanu mpaka khumi chilumidwire, munthu amatentha thupi, mutu umawawa, minofu imaphwanya makamaka ya m'khosi. Mpaka pamenepa palibe chosiyanitsa ndi malungo. Chizindikiro chimene chimaulula nthendayi chili pakhungu: pamalo polumidwa pamatuluka kachilonda kokhala ndi nkhanambo yakuda pakati, kozunguliridwa ndi khungu lofiirira, kooneka ngati pamene pagwera khala la moto. Nthawi zambiri sikawawa kwenikweni. Popeza tiana tija timaukira tambiri nthawi imodzi, tizilonda totere tikhoza kukhala tiwiri kapena titatu, ndipo pafupi pake pamatupa mwanabere. Vuto n'lakuti timabisala m'malo amene munthu savula pamaso pa anthu: m'chiuno, m'mphechepeche, kuseri kwa bondo, kunsi kwa bere, m'tsitsi. Pakhungu lakuda ngati lathuli kufiira kuja sikuonekanso msanga.

Madokotala a ku Ulaya amaidziwa bwino nthendayi. Pakati pa alendo amene amabwerera kwawo akutentha thupi atayenda kumwera kwa chipululu cha Sahara, imabwera pambuyo pa malungo pa matenda amene amapezeka kawirikawiri. Mlendo amene anakaona nyama ku Kruger kwa sabata imodzi akafika ku London, amamuvula malaya, kupeza kankhanambo kakuda kaja, n'kumupatsa doxycycline, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu amakhala akupeza bwino. Mnyamata amene amadyetsa ng'ombe kudambo tsiku ndi tsiku, mayi womweta udzu wofolerera nyumba ndi mtsikana wotola nkhuni amakumana ndi nkhupakupa yomweyo chaka chonse, koma dzina la nthendayo sanalimvepo.

Kunena zoona, nthenda ya Rickettsia africae nthawi zambiri siipha, ndipo ambiri amachira okha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Koma sabata ziwiri ndi nthawi yaitali kwa mwana wa Sitandade 8 amene mayeso ayandikira, kapena kwa mlimi pa nthawi yopalira. Komanso ili ndi mbale wake woopsa, Rickettsia conorii, amene amafalitsidwa ndi nkhupakupa yofiirira ya agalu. Ameneyu akhoza kugoneka munthu m'chipatala ngakhale kumupha, makamaka okalamba ndi amene ali kale ndi matenda ena.

Nkhufi, ya m'nyumba

Pali mtundu wina wa nkhupakupa umene sukhala kudambo. Makolo athu amautcha nkhufi, ndipo asayansi amati Ornithodoros moubata. Nkhufi ili ndi thupi lofewa, lamakwinya, lofanana ndi dothi. Imakhala m'ming'alu ya khoma ndi ya pansi, m'fumbi la m'nyumba zosazira, ndi m'makola a nkhumba. Imatuluka usiku ngati nsikidzi, kuyamwa magazi kwa mphindi zosapitirira 30, n'kubwerera m'ming'alu munthu asanadzuke. Ikhoza kukhala zaka osadya ili moyo, choncho ngakhale nyumba imene yakhala yotseka kwa nthawi yaitali ikhoza kukhala nayo.

Nkhufi si yachilendo kuno. David Livingstone analemba za iyo m'buku la maulendo ake la 1857, italuma iye mwini ku Ambaca m'dziko la Angola, ndipo anamvanso za kudwalitsa kwake ku Tete. Mu 1905, madokotala awiri ochokera kusukulu ya matenda a m'maiko otentha ya ku Liverpool, Joseph Dutton ndi John Todd, anatsimikiza ali ku Congo kuti nkhufi ndiyo imafalitsa bakiteriya wooneka ngati kaulusi kopotana amene amayambitsa kutentha thupi kobwerezabwereza. Onse awiri anadwala nthendayo, ndipo Dutton anamwalira chaka chomwecho ku Kasongo. Bakiteriyayo amatchedwa Borrelia duttonii pomukumbukira. Kuno kwathu, m'zaka za m'ma 1980, ofufuza za chigodola cha nkhumba anatola nkhufi m'makola a nkhumba ndi m'nyumba zogona anthu, makamaka m'boma la Mchinji. Chigodolacho sichigwira anthu, koma kafukufukuyo anaonetsa kuti kachilomboka kamakhala nafe pansi pa denga limodzi.

Mmene nthenda ya nkhufi imayendera m'thupi ndi mmene imatipusitsira. Patatha pafupifupi sabata chilumidwire, munthu amatentha thupi kwambiri, amanjenjemera, mutu umawawa, kwa masiku ngati atatu. Kenaka amatuluka thukuta, kutentha n'kutsika, ndipo amakhala bwino kwa pafupifupi sabata. Kenaka zimayambiranso. Chifukwa chake n'chakuti bakiteriyayu amasintha chikopa chake chakunja. Asilikali a m'thupi akaphunzira kumuzindikira n'kupha ambiri, ochepa amene avala chikopa chatsopano amaswana n'kudzazanso magazi. Izi zikhoza kubwereza kangapo.

Tsopano taganizani munthu amene wagula LA tsiku loyamba. LA amamwa masiku atatu. Tsiku lachitatu kutentha kwatsika, iye n'kumati mankhwala agwira ntchito, pamene kutenthako kukanatsika kokha. Sabata yotsatira wagwanso. Amagulanso LA, kapena amati malungo ake ndi osamva mankhwala, ndipo zikabwereza kachitatu abale amayamba kunong'onezana za kulodzedwa. Nthenda imene mankhwala otchipa opha mabakiteriya akanaithetsa imadya ndalama, imadya masiku a sukulu, ndipo nthawi zina imadanitsa anthu pamudzi.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Ku Mvumi, kufupi ndi Dodoma m'chigawo chapakati cha Tanzania, kumene nthendayi yafufuzidwa kwa zaka zambiri, inadziwika kuti imapha ana ndipo imachititsa amayi kupita padera, kubereka masiku asanakwane, kapena kutaya khanda litangobadwa. Ku Senegal, m'mudzi wa Dielmo umene ofufuza anautsata kuyambira 1990 mpaka 2003, bakiteriya wa mtundu womwewu, wofalitsidwa ndi nkhufi ya kumeneko, ankadwalitsa anthu pafupifupi 11 mwa 100 aliwonse chaka chilichonse.

Mfundo ina yofunika ndi iyi. Bakiteriya wa nkhufi amaoneka pa maikulosikopu, pa kagalasi komweko kamene amapakapo magazi poyeza malungo, malinga magaziwo atengedwa thupi likutentha. Kachipangizo kofulumira kaja kanapangidwa kuti kazifufuza tizilombo ta malungo basi. Choncho pamene kulibe maikulosikopu, kapena pamene palibe wopempha kuti magazi akaonedwe pa galasi, bakiteriyayu amadutsa osaonedwa ndi aliyense, ndipo nthenda yosayezedwa siilowa m'kaundula wa chipatala.

Phunziro la ku Lyme

Mukalemba za matenda a nkhupakupa pa intaneti, zambiri zimene mungapeze ndi za nthenda ya Lyme. Imeneyo ndi ya ku America, Ulaya ndi mbali zina za Asia, imafalitsidwa ndi nkhupakupa za mtundu wa Ixodes, ndipo bungwe la CDC limati ku United States anthu pafupifupi 476,000 amalandira mankhwala ake chaka chilichonse. Tisasokoneze zizindikiro zake ndi za matenda athu. Chimene ndikufuna titengepo ndi mmene inadziwikira.

Mu 1975, amayi awiri a m'dera la Lyme, m'chigawo cha Connecticut, anadandaula kwa akuluakulu a zaumoyo kuti ana ambiri a m'dera lawo akutupa mfundo, ndipo sizinkamveka kuti nthenda yosowa yotero ingagwire ana ambiri chotero pamalo amodzi. Madokotala a ku yunivesite ya Yale anafufuza n'kupeza odwala 51, mwa iwo ana 39. Mu 1982, Willy Burgdorfer ndi anzake analengeza kuti apeza bakiteriya woyambitsa nthendayo m'nkhupakupa. Dziko lolemera ngati limenelo, lodzaza ndi malabotale, linayamba kufufuza chifukwa cha makolo amene anawerenga ana odwala m'dera lawo n'kukana kukhala chete. Diso lotere aliyense akhoza kukhala nalo, ngakhale kumudzi kopanda magetsi.

Zimene ena anganene

Wina anganene kuti nkhani imeneyi ikuchotsa maso athu pa mdani weniweni. Malungo amapha anthu pafupifupi 600,000 pachaka padziko lonse, ambiri mwa iwo ana a mu Africa osakwana zaka zisanu, ndiye bwanji tikutaya nthawi ndi nkhupakupa? Mfundoyi ndi yolemera, ndipo ndikugwirizana nayo pa chinthu chimodzi: aliyense wotentha thupi ayambe wayezetsa malungo tsiku lomwelo, makamaka mwana ndi mayi woyembekezera. Palibe amene ayenera kukhala pakhomo n'kumafufuza nkhanambo mwana akukomoka. Koma kudziwa za nkhupakupa kumathandiza nkhondo ya malungo yomweyo. Munthu amene akudziwa kuti pali matenda ena otentha thupi savuta kukhulupirira zotsatira za kuyeza, ndipo sakagula LA pachabe. LA womwedwa popanda malungo ndi mankhwala otayika amene akanachiza wina.

Wina anganene kuti zipatala zathu zazing'ono zilibe zipangizo zoyezera Rickettsia, ndiye kudziwako kutithandiza chiyani? Ngakhale ku Ulaya, dokotala sadikira zotsatira za labotale kuti ayambe kuchiza nthendayi, chifukwa kuyeza magazi kumaionetsa mochedwa. Amadalira zinthu zitatu: kumene wodwala wayenda, kutentha thupi, ndi kankhanambo kakuda. Ziwiri mwa zitatuzi zili m'manja mwa wodwala. Ndipo zimasinthadi mankhwala. Amoxicillin ndi Bactrim, amene amaperekedwa kawirikawiri munthu akapezeka alibe malungo, sapha Rickettsia. Doxycycline ndiye amapha, ndipo ndi mankhwala otchipa, odziwika m'zipatala zathu. Dokotala amene ali ndi mzere wautali wa odwala pakhomo sangavule aliyense kuti afufuze m'mphechepeche. Wodwala akangonena kuti "ndimadyetsa ng'ombe, ndipo ndili ndi kachilonda kakuda apa", wamupatsa dokotalayo chimene makina sakanamupatsa.

Chodandaulitsa chachitatu ndicho chimandiopsa ine: kuti anthu akamva dzina la doxycycline adzayamba kukagula okha monga amachitira ndi LA. Tisachite zimenezo. Kwa mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono, dokotala ndiye ayenera kusankha mankhwala ndi mlingo wake. Komanso pa nthenda ya nkhufi, mabakiteriya akayamba kufa ambiri nthawi imodzi, maola ochepa munthu atamwa mankhwala oyamba, thupi likhoza kunjenjemera kwambiri, kutentha n'kukwera, kuthamanga kwa magazi n'kutsika mpaka kuika moyo pa chiswe. Zimenezi zikachitikira kuchipatala pali womuthandiza, pamene kunyumba palibe. Kumwa mankhwala opha mabakiteriya mwachisawawa kumachititsanso kuti mabakiteriya ena asiye kuwamva. Udindo wa wodwala ndi kufotokoza zonse, ndipo kulemba mankhwala kukhale kwa amene anaphunzira ntchitoyo.

Zimene tingachite

Tiyambe ndi thupi lathu. Mukachoka kudambo, kumunda kapena kutchire, dziyang'aneni posamba madzulo: m'khwapa, m'chiuno, m'mphechepeche, kuseri kwa mawondo ndi makutu, m'tsitsi. Makolo ayang'ane ana. Mukapeza nkhupakupa yomamatira, igwireni pafupi kwambiri ndi khungu ndi kachitsulo kopanira ngati kozulira minga, n'kukoka molunjika pang'onopang'ono, osapotoza. Musaiotche ndi machesi, musaipake parafini kapena vaselini, ndipo musaiphwanye ndi zala. Tsukani pamalopo ndi sopo, ndipo kumbukirani tsikulo, kuti mukadwala m'sabata ziwiri zotsatira mukanene kuchipatala. Mankhwala osambitsira ng'ombe ndi poizoni kwa munthu, asapakidwe pakhungu kapena m'mutu mwa mwana.

Pakhomo, nkhufi imagonja ming'alu ikatsekedwa. Kuzira pansi kawirikawiri, kumata ming'alu ya khoma, kuyanika mphasa ndi zofunda padzuwa, kugona pabedi losagunda khoma, m'neti yonyikidwa m'mankhwala, ndi kumanga khola la nkhumba patali ndi nyumba yogona, zonsezi zimachepetsa kulumidwa. Ku Mvumi komwe kuja, kupopera mankhwala m'nyumba zokhala ndi nkhufi kunachepetsa nthendayi pakati pa ana osakwana zaka zisanu. Kwa ziweto, kusambitsa ng'ombe ku dibi kapena kuzipopera motsata malangizo a alangizi a ziweto kumachepetsa nkhupakupa za pabusa pomwe ana athu amapondapo. Agalu nawo asaiwalidwe, pakuti ndi amene amagona pakhonde pomwe makanda amakwawa.

Abale ndi alongo amene mumatsogolera achinyamata, izi zikukhudzanso misasa yathu. Pa msonkhano wa misasa ndi pa makampu a Pathfinder timamweta udzu, timamanga tizisakasa, timayala mphasa pansi, ndipo ana amaguba ndi kusewera m'tchire kwa masiku angapo, nthawi zina pamalo amene dzulo lake pamadya ng'ombe. Tiana ta nkhupakupa ya mawanga timachuluka mvula ikatha mpaka m'chilimwe, nyengo yomwe misonkhano yambiri yotere imachitika. Sizifuna bajeti kuti malo atchetchedwe masiku angapo anthu asanafike, kuti ana avale masokosi aatali ndi nsapato zotseka popita kutchire, ndi kuti madzulo aliwonse pakhale mphindi zisanu zodziyang'ana, atsikana ndi alangizi aakazi, anyamata ndi alangizi aamuna. M'bokosi la chithandizo choyamba mukhale kachitsulo kopanira. Tsiku lotsekera, makolo auzidwe kuti mwana akatentha thupi m'sabata ziwiri zikubwerazo, akamuyezetse malungo ndipo akanene kuti anagona kutchire. Popeza nthendayi imayamba patapita masiku, mwana amadwala atabwerera kale kunyumba, ndipo palibe amene amalumikiza kudwalako ndi kampu.

Potsiriza ndilankhule kwa anzanga a uphunzitsi. Ife amene tinalemba MSCE tikukumbukira kuti nkhupakupa tinaiphunzira m'phunziro la zaulimi: mitundu yake, mmene imaswanirana, matenda amene imapatsa ng'ombe, ndi kufunika kwa dibi. Tikalowa m'phunziro la bayoloje, pa matenda a anthu, tinkamva za udzudzu ndi malungo, nkhono ndi likodzo, kashembe ndi kaodzera. Mwana wanzeru akhoza kukhoza maphunziro onse awiri osaganizapo kuti nkhupakupa ya m'buku la zaulimi ikhoza kumudwalitsa iyeyo. Sitikufunika kudikira kuti silabasi isinthe. Pophunzitsa za nkhupakupa za ziweto, mphunzitsi akhoza kuwonjeza mphindi khumi: kujambula kankhanambo kakuda pabolodi, kufunsa ana amene amadyetsa ziweto kuti akweze manja, kuwaonetsa kazulidwe koyenera, ndi kuwatuma kuti akafunse agogo awo ngati nkhufi amaidziwa. Ana amanyamula zimene amva kusukulu kupita nazo kunyumba, ndipo kumidzi yambiri mwana wa sukulu ndiye amaperekeza agogo kuchipatala n'kuwalankhulira.

Mphunzitsi ali ndi chida china chimene dokotala alibe, ndicho kaundula woitanira maina m'mawa. Dokotala amaona mwana tsiku limodzi, mwina dokotala wina sabata ino, wina sabata yamawa. Mphunzitsi amaona mwezi wonse patsamba limodzi. Mwana akajomba masiku atatu chifukwa cha kutentha thupi, n'kubwera sabata imodzi ali bwino, n'kujombanso masiku atatu, kenaka n'kubwerezanso, mzere wa dzina lake m'kaundula ukuonetsa kayendedwe kamene tafotokoza kaja. Ana angapo a mudzi umodzi akamachita zofanana, mpofunika kuitana makolo, kuwafotokozera mwaulemu, kuwalimbikitsa kuti apite ndi mwanayo kuchipatala tsiku limene thupi latentha n'kukapempha kuti magazi aonedwenso pa maikulosikopu, ndi kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Mphunzitsi satchula nthenda ndipo sapereka mankhwala. Amangonena zimene kaundula wake waonetsa, monga anachitira amayi aja a ku Lyme.

Ambiri a ife tikamaliza maphunziro tidzatumizidwa kusukulu za kumidzi, kumene khola lili pafupi ndi khonde ndipo chipatala chili pa mtunda wa maola awiri pa njinga. Pempho langa n'lakuti tisanachoke pano, kalabu ya zaumoyo ndi atsogoleri a achinyamata aike nkhupakupa pa ndondomeko ya teremu ino, aitane wa zachipatala mmodzi ndi mlangizi wa ziweto mmodzi kuti adzatiphunzitse pa tsiku limodzi, m'chipinda chimodzi. Ndipo aliyense wa ife, tsiku limene adzauzidwe kuti "mulibe malungo" thupi likutenthabe, asadzatuluke m'chipindamo asananene kumene wayenda masabata awiri apitawo, ziweto zimene amasamala, nyumba imene amagonamo, ndi kachilonda kalikonse kamene wapeza pakhungu lake.